PHUNZIRO 9: MIZINDA YA PAKATI PA MITSINJE IWIRI

Kalasi ya ana okulirapo (zaka 12 mpaka 16)

KUWERENGA: Genesis 11:1-9, Genesis 11:31 mpaka 12:4, Danieli 4:28-37, Yeremiya 29:4-7.

VESI LOLOWEZA: Masalmo 127:1. Ana alipeze okha m'Buku Lopatulika, nalilembe m'makope awo.

CHOLINGA: Kuti ana adziwe kuti Uri, Nineve ndi Babulo inali mizinda yeniyeni ya anthu aluso, kuti luso ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndi kuti Mulungu amafunsa munthu aliyense kuti luso lakelo akutumikira nalo yani.

KWA MPHUNZITSI

Phunziro ili ndi lalitali, chotero nkwabwino kuligawa pa Masabata awiri. Sabata loyamba mulekeze pa gawo lachitatu. Musaimirire pamaso pa ana ndi kungowawerengera bukuli. Muliwerenge kunyumba pamodzi ndi ndime za m'Malembo, mupemphere, ndipo tsiku la Sabata mukafotokoze ndi mawu anuanu.

Mubwere ndi dongo lonyowa, kabango kosema kunsonga, njerwa imodzi yootcha, ndi wotchi. Mujambule pa bolodi, kapena padothi ngati mumaphunzirira pansi pa mtengo, mitsinje iwiri yokumana kumunsi. Mzinda uliwonse muuike pamalo pake: Nineve kumtunda, Babulo pakati, Uruk ndi Uri kumunsi.

Zaka zokhala ndi zilembo B.C. nza Kristu asanabadwe. Kumbutsani ana kuti zaka zimenezi zimawerengedwa chobwerera: 2000 B.C. ndi kale kuposa 600 B.C.

MAWU OYAMBA

Onetsani njerwa ija nimufunse: Njerwa iyi inali chiyani isanaumbidwe? Ndani anathandizapo kuponda dothi kapena kusanja uvuni? Kodi njerwa ingakhale yabwino kapena yoipa pamaso pa Mulungu? Lolani ana ayankhe momasuka. Kenaka nenani kuti lero tiphunzira za anthu amene anamanga ina mwa mizinda yoyambirira pa dziko lapansi ndi dothi longa lomweli.

1. DZIKO LA DONGO NDI BANGO

Ana inu, kutali kumpoto chakum'mawa kwa dziko lathu, kupitirira Igupto ndi Kanani, kuli dziko limene lero likutchedwa Iraq. Agiriki akale analitcha Mesopotamia, ndiko kunena kuti pakati pa mitsinje. Mitsinje yake ndiyo Tigris ndi Euphrates, imene m'Buku Lopatulika itchedwa Hidikeli ndi Firate (Genesis 2:14). Yonse iwiri imachokera ku mapiri a dziko la Turkey, niyenda chakum'mwera mpaka kukathira m'nyanja yaikulu. Firate ndi wautali makilomita ngati 2,800. Shire wathu, kuchokera ku Mangochi kudzera pa Liwonde mpaka kukathira mu Zambezi, ndi makilomita ngati 400 basi.

Kum'mwera kwa dzikolo kuli chigwa chachikulu chotentha kwambiri, ndipo mvula yake njochepa, yosakwana kuti mbewu zikhwime. Kunalibe miyala yomangira, kunalibe mitengo ikuluikulu, kunalibenso mkuwa kapena golidi. Zimene anthu anapeza ndi madzi, dongo, bango la m'madambo longa la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndi phula lakuda lotumphuka pansi. Munthu wina akanati dziko lotere ndi lopanda pake. Koma anthu a kumeneko, amene timawatcha Asumeri, anakumba ngalande zotengera madzi a mitsinje kupita ku minda. Analima barele, tirigu, anyezi ndi kanjedza, nakolola zochuluka m'dziko lopanda mvula.

Tsono ngalande yaitali siikumbidwa ndi munthu mmodzi. Alimi a mpunga a ku sikimu ya Domasi amadziwa kuti wa kumtunda akatseka madzi, wa kumunsi amagona ndi njala. Pafunika kupangana tsiku lokumba, tsiku lochotsa matope, ndi nthawi ya munthu aliyense yothirira. Pafunika atsogoleri, nkhokwe ndi malamulo. Umu ndi m'mene midzi ya m'mbali mwa Firate inakulira kufikira inasanduka mizinda.

2. URUK, KUMENE KULEMBA KUNAYAMBIRA

Mzinda woyamba kukula kwambiri unali Uruk, umene Genesis 10:10 autcha Ereke. Linga lake linali lalitali makilomita ngati 9, ndipo m'kati mwake munkakhala anthu zikwi makumi angapo. Anthu ochuluka chotere akamabweretsa barele ndi nkhosa ku nkhokwe za kachisi, ndani angakumbukire zonse pamtima? Chotero cha m'ma 3200 B.C. alembi a ku Uruk anayamba kulemba zizindikiro pa mapale a dongo. Zolemba zoyamba sizinali nyimbo kapena nthano ayi. Zinali ziwerengero: nkhosa zingapo, mitanga ingapo ya barele, chakudya cha antchito angapo.

(Apa mphunzitsi atenge dongo lija, alipange phwatalala ngati chikhatho, nadinde ndi nsonga ya kabango. Ana awiri kapena atatu ayesenso.)

Umu ndi m'mene ankalembera. Phale likauma padzuwa, zolembazo zinkakhala. Likapsa ndi moto, linkalimba ngati njerwa, nchifukwa chake mapale zikwi zambiri akalipo lero ndipo akatswiri akutha kuwawerenga. Patapita nthawi kunakhala sukulu zimene ankazitcha nyumba ya mapale. Ana ankakopera zimene mphunzitsi walemba, monga agogo anu ankachitira pa sileti, ndipo wochedwa kapena waulesi ankalandira chikwapu.

Anthu a m'dzikolo anali m'gulu la oyamba kugwiritsa ntchito gudumu, poumba miphika ndi poyendetsa ngolo. Anapanga khasu lokokedwa ndi ng'ombe lokhala ndi kachibowo kogwetsera mbewu m'mzere. Anali akatswiri a masamu ndi a nyenyezi, ndipo ankawerenga m'magulu a 60. Taonani wotchi iyi. Ola lili ndi mphindi 60. Bwanji osati 100? Kawerengedwe kameneka kanachokera kwa iwo. Nthawi iliyonse imene mufunsa kuti sitima ifika nthawi yanji pa Balaka, mukudya za m'munda umene analima anthu a ku Mesopotamia.

3. URI, KWAWO KWA ABRAHAMU

Kumunsi kwa Uruk kunali mzinda wa Uri. Kuyambira 1922 mpaka 1934 Mngelezi wina, Leonard Woolley, anatsogolera ntchito yofukula chitunda chake. Anapeza misewu, nyumba za njerwa zokhala ndi bwalo pakati, ndi mapale a amalonda. Ngalawa zinkabweretsa mkuwa kuchokera kutsidya la nyanja. Phale lina la cha m'ma 1750 B.C. ndi kalata ya munthu wotchedwa Nanni, wodandaula kwa wamalonda Ea-nasir kuti anamgulitsa mkuwa woipa nanyoza mthenga wake. Mukuona kuti madandaulo a pamsika wa Ntaja si achilendo pa dziko lapansi.

Woolley anapezanso manda achifumu a cha m'ma 2600 B.C. Munali zikho zagolidi, azeze okongola, ndi mikanda ya mwala wobiriwira ngati thambo wochokera kutali ku Afghanistan. Koma munalinso chinthu choopsa. M'dzenje limodzi lokha munali mitembo 74, yambiri ya akazi ovala zokometsera. Anali antchito amene anaphedwa kuti atsagane ndi mbuye wawo kumanda. Manja amene anasula zikho zokongolazo ndi a mzinda womwewo umene unkaona moyo wa wantchito ngati katundu wa mfumu.

Pakati pa Uri panali nsanja yaikulu ya njerwa, yomangidwa mosanjikiza, yokhala ndi makwerero ofika pamwamba. Anaimanga ndi mfumu Ur-Nammu cha m'ma 2100 B.C., polemekeza mulungu wawo wa mwezi wotchedwa Nanna. Kunja kwake anaikako njerwa zootcha zomatidwa ndi phula. Mbali ya nsanjayo ikaliko mpaka lero, ndipo mizinda ina yambiri inali ndi nsanja zotere.

Tsopano nkhani ya Babele imene tawerenga ikumveka bwino. Genesis 11 anena za chigwa, za njerwa zootcha m'malo mwa miyala, ndi za phula m'malo mwa matope. Ndi m'mene ankamangira kumeneko ndithu. Koma taonani: Mulungu sanadzudzule njerwa, sanadzudzulenso kugwirizana pa ntchito. Cholakwa chinali mumtima. Anthuwo anafuna kudzipangira dzina lawolawo, ndi kukhala mosadalira Mlengi wawo. Chotero Mulungu anasokoneza chilankhulo chawo nawabalalitsa, ndipo ntchito inaima.

Mutu wotsatira womwewo, Mulungu aitana munthu mmodzi. Abramu, amene pambuyo pake anatchedwa Abrahamu, anachokera ku Uri. Anansi athu achisilamu amamlemekezanso, namutcha Ibrahim. Yoswa 24:2 atiuza kuti atate wake Tera ankatumikira milungu ina. Banjalo linasamukira ku Harana, mzinda winanso wopembedza mwezi, ndipo pomvera Mulungu Abramu anasiya zonsezo napita ku Kanani. Musaganize kuti anali munthu wosaona zinthu. Anachoka ku dziko la nyumba za njerwa, la misika ndi la alembi, nakakhala m'mahema. Ndipo chimene anthu a ku Babele anafuna kudzitengera ndi manja awo, Mulungu anachilonjeza kwa Abramu ngati mphatso: dzina lalikulu. Kusiyana kwake nkwakuti dzina la Abramu linali loti mitundu yonse idalitsidwe nalo.

(Sabata loyamba lilekezere pano.)

4. MWALA WA MALAMULO

Kumtunda kwa Uri, m'mbali mwa Firate yemweyo, kunali Babulo. Mfumu imene inayamba kuukweza inali Hammurabi, amene analamulira kuyambira cha m'ma 1792 mpaka 1750 B.C. Iye analembetsa malamulo ngati 282 pa mwala wakuda wotalika kuposa munthu. Mwalawo unapezeka m'chaka cha 1901 ku Susa, m'dziko la Iran, ndipo tsopano ukusungidwa mu mzinda wa Paris.

Malamulo ena ndi anzeru ndithu. Munthu akalekerera khoma la ngalande yake osalikonza, madzi nakasefukira nakaononga munda wa mnzake, ankayenera kubweza zokolola zonse zimene zaonongeka. Mmisiri akamanga nyumba yosalimba, niigwa ndi kupha mwini wake, mmisiriyo ankaphedwa. Munali malamulo a malipiro a antchito, a ngongole, a ukwati ndi a chuma chamasiye. Izi zitionetsa kuti ngakhale anthu osadziwa Mulungu woona ali ndi chikumbumtima chowauza kuti kulanda ndi kunama nkoipa, monga Paulo afotokozera pa Aroma 2:14-15.

Koma mwala womwewo unkasiyanitsa anthu. Wovulaza munthu wolemekezeka ankalangidwa koopsa; wovulaza munthu wamba ankangolipira siliva; wovulaza kapolo ankalipira kwa mbuye wa kapoloyo, ngati waononga chiweto. Buku Lopatulika liyambira pena: munthu aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Mwana wa mfumu ndi mwana wa msodzi wa matemba mtengo wawo ndi umodzi.

5. NINEVE, MZINDA WA MABUKU NDI WA NKHONDO

Tipite tsopano kumpoto, ku mtsinje wa Tigris. Kumeneko kunali Asuri, ndipo mzinda wawo wotchuka unali Nineve, patsidya pa mzinda wa Mosul wa lero. Kumeneko nkumene Mulungu anatuma Yona. Yona sanafune kupitako pakuti Asuri anali adani oopsa, koma Mulungu anamphunzitsa kuti Iye amachitira chifundo anthu a mumzindawo, ndi ziweto zawo zomwe (Yona 4:11). Anthuwo analapa, ndipo mzinda unapulumuka.

Pambuyo pake mfumu Sanakeribu, amene analamulira kuyambira 705 mpaka 681 B.C., anasandutsa Nineve likulu lake. Anamanga linga la makilomita ngati 12. Anakumbitsa ngalande zotenga madzi ku mapiri akumpoto, mtunda wonga wochokera ku Zomba kufika ku Liwonde, ndipo pamalo otchedwa Jerwan anamanga mlatho wa miyala kuti madziwo awoloke chigwa. Mdzukulu wake Ashurbanipal anasonkhanitsa mapale a zolemba zamitundumitundu: za mankhwala, za nyenyezi, za mbiri ndi nthano. Ofukula zakale anawapeza zaka za m'ma 1850, ndipo mapale ndi zidutswa zake ngati 30,000 zili ku British Museum mu mzinda wa London.

Koma ngalandezo ndi nyumba zachifumuzo zinamangidwa ndi thukuta la akapolo ogwidwa kunkhondo. Asuri ankazula mitundu yathunthu m'maiko awo. Ndiwo anagonjetsa Samariya m'chaka cha 722 B.C., ndipo mu 701 B.C. Sanakeribu anaononga midzi ya Yuda naopseza Yerusalemu m'masiku a mfumu Hezekiya. Pa makoma a nyumba yake anajambulitsa m'mene anaonongera Lakisi, kuti alendo aone nachite mantha. Kulapa kwa masiku a Yona kunali kutaiwalika. Mneneri Nahumu anadzudzula Nineve chifukwa cha mwazi umene anakhetsa ndi chuma chimene anafunkha, ndipo mu 612 B.C. Amedi ndi Ababulo anautentha mzindawo. Moto womwewo ndi umene unalimbitsa mapale aja.

6. BABULO WA NEBUKADINEZARA

Nineve atagwa, Babulo anadzukanso. Nebukadinezara, amene analamulira kuyambira 605 mpaka 562 B.C., anaumanga mwatsopano: malinga okhuthala, msewu waukulu wa zikondwerero, nsanja yaitali ya mulungu wawo Marduk, ndi chipata cha njerwa zonyezimira zojambulidwapo ng'ombe zamphongo ndi zilombo. Akatswiri a ku Germany, motsogozedwa ndi Robert Koldewey, anafukula Babulo kuyambira 1899 mpaka 1917, ndipo chipata chija anakachimanganso mu mzinda wa Berlin. Anapeza kuti njerwa zosawerengeka zinali zodindidwa dzina la Nebukadinezara. Mfumuyo inafuna kuti ngakhale njerwa zizitchula dzina lake.

Ndi mfumu yomweyi imene inagonjetsa Yerusalemu mu 597 B.C., nibweranso patapita zaka khumi kudzatentha kachisi ndi kutenga anthu ukapolo. Ku Babulo kunapezeka mapale olembapo mafuta amene ankagawira Yehoyakini mfumu ya Yuda ndi ana ake asanu. Dzina limene timaliwerenga pa 2 Mafumu 24 lili pa phale la mlembi wa ku Babulo.

Danieli 4 atiuza kuti tsiku lina mfumuyo inali kuyenda pamwamba pa nyumba yake, niyang'ana mzinda wonse, nidzitama kuti zonsezo inazimanga ndi mphamvu yake kuti ulemu ukhale wake. Mawuwo asanathe m'kamwa, chiweruzo chinafika. Nzeru zinamchokera, nakhala kuthengo pamodzi ndi nyama, kufikira anakweza maso kumwamba navomereza kuti Wam'mwambamwamba ndiye alamulira. Pamenepo nzeru zake zinabwerera. Koma olowa m'malo mwake sanaphunzirepo kanthu, ndipo mu 539 B.C. Koresi mfumu ya Aperisi analanda Babulo, nalola Ayuda kubwerera kwawo.

Nanga mizinda imeneyi ili kuti lero? Firate anasintha njira yake, ndipo Uri ndi Uruk anatsala m'chipululu. Minda yambiri ya kum'mwera inalowa mchere, pakuti madzi othirira akamauma pamalo opanda potulukira amasiya mchere m'nthaka, monga madzi a Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukamo, ali amchere. Akkad, likulu la mfumu yamphamvu Sargon, malo ake sanapezeke mpaka lero. Babulo ndi mabwinja amene alendo amapita kukaona.

TIPHUNZIRAPO CHIYANI?

Choyamba, luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo tisalinyoze. Anthu a ku Mesopotamia sankamdziwa Mulungu woona, komabe nzeru zokumba ngalande ndi zolemba zinachokera kwa Iye amene amawalitsira dzuwa lake pa anthu onse. Pakanapanda kulemba, Buku Lopatulika likanatifika bwanji? Danieli ndi anzake anaphunzira zolemba ndi chilankhulo cha Ababulo zaka zitatu, napambana anzawo onse, osataya chikhulupiriro chawo. Chotero mwana wachikristu asachite ulesi ku sukulu, kapena kumunda, kapena pophunzira umisiri. Masamu si mdani wa pemphero.

Chachiwiri, Mulungu amayang'ana cholinga. Njerwa ya Nebukadinezara ndi njerwa ya tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chimene makolo athu anamanga pamodzi ndi David Clement Scott kuyambira 1888 mpaka 1891, zonse ndi dothi lootcha. Ina inaumbidwa kuti mfumu itamandidwe, ina kuti anthu asonkhane kutamanda Mulungu. Koma tichenjere, pakuti ngakhale pomanga tchalitchi, kapena poimba kwaya, munthu angathe kudinda dzina lake pa njerwa iliyonse. Wina amapereka kuti atchulidwe. Wina amakhoza mayeso nayamba kunyoza makolo ake osadziwa kuwerenga. Ameneyo wayamba kumanga kansanja kake ka Babele.

Chachitatu, ntchito yaikulu yomangidwa pa misozi ya anthu ena siikhalitsa pamaso pa Mulungu. Kumbukirani antchito 74 a ku Uri ndi akapolo a ku Nineve. Mafunso ake ndi omwewo lero. Kodi waganyu amene waponda dothi tsiku lonse walandira malipiro ake? Kodi mwana wamasiye wa pakhomo pathu amadya mbale imodzi ndi ife? Ndiponso nthaka ndi madzi nza Mulungu, ife ndife osunga chabe. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995 mvula itavuta, ndipo mabanja a asodzi anasowa pogwira. Tikamatha mitengo ya m'mapiri a Chikala ndi Malosa pootcha njerwa ndi makala osabzala ina, mitsinje yothira m'nyanjayo imadzaza mchenga, ndipo olira ndi anzathu a kumunsi. Ngati Hammurabi anadziwa kuti woononga munda wa mnzake ayenera kubweza, nanga ife odziwa lamulo la kukonda mnansi?

Chachinayi, ena mwa inu mudzapita ku mizinda. Wina adzapita ku Blantyre, wina ku Lilongwe, wina ku Joni kumene achibale ambiri a kuno kwathu ali. Mzinda pawokha si tchimo. Mulungu anatulutsa Abrahamu mu Uri, koma Mulungu yemweyo anatuma Yona ku Nineve, ndipo kudzera mwa Yeremiya anauza akapolo a ku Babulo kuti amange nyumba, alime minda, afunire mzindawo mtendere ndi kuupempherera. Mukadzafika kumeneko mudzagwire ntchito mokhulupirika, mudzafunefune mpingo Sabata loyamba lomwe, ndipo musadzaiwale amene munawasiya kumudzi. Mudzaone zokongola za mzindawo ndi kuyamika, koma musadzazigwadire.

Pomaliza, Ahebri 11:8-10 atiuza chifukwa chimene Abrahamu anakhalira m'mahema mosadandaula. Iye ankayembekeza mzinda wina, umene woulinganiza ndi woumanga ndiye Mulungu mwini. Mafumu amene anadinda maina awo pa njerwa, lero maina awo amawerengedwa ndi akatswiri ochepa. Abrahamu sanasiye njerwa ndi imodzi yomwe, koma dzina lake likudziwika m'mudzi uliwonse wa ku Machinga ndi ku Balaka, ndipo mwa mbewu yake, Yesu Kristu, dalitso lija latifika ife. Pa tsiku la Pentekoste, pakati pa anthu amene anamva Uthenga m'zilankhulo zawo panali a ku Mesopotamia (Machitidwe 2:9). Chimene kudzikuza kunabalalitsa ku Babele, Mzimu Woyera anayamba kuchisonkhanitsa.

MAFUNSO

1. Kodi dzina lakuti Mesopotamia litanthauza chiyani? Tchulani mitsinje yake iwiri.
2. Nchifukwa ninji anthu a ku Uruk anayamba kulemba, ndipo ankalemba pa chiyani?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene tikugwiritsabe ntchito zochokera kwa anthu amenewa.
4. Kodi cholakwa cha omanga nsanja ya Babele chinali chiyani? Chikusiyana bwanji ndi zimene Mulungu analonjeza Abramu?
5. Ndi pati pamene malamulo a Hammurabi anali abwino, ndipo ndi pati pamene anaperewera?
6. Yeremiya anawalangiza chiyani Ayuda okhala ku Babulo?
7. Iwe uli ndi luso lanji? Ungathandize nalo yani sabata ino?

ZOCHITA

Mwana aliyense aumbe kaphale ka dongo, alembepo ndi kamtengo buku, mutu ndi ndime ya vesi loloweza, nakayanike kunyumba. Sabata lamawa abwere nako, nanene vesilo pamtima.

Kalasi yonse ipangane ntchito imodzi yothandiza ena: kukonza denga la agogo osowa owathandiza, kutungira madzi wodwala, kapena kubzala mitengo pa tchalitchi mvula ikayamba. Ntchitoyo ikatha, pasakhale wotchula dzina lake.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu ndinu mwini nzeru zonse. Tikuyamikani chifukwa cha manja ogwira ntchito, mitu yophunzira, ndi anthu akale amene luso lawo likutithandiza kufikira lero. Mutikhululukire pamene tafuna ulemu wathu ndi kuiwala anzathu. Mutiphunzitse kusamala nthaka ndi madzi zimene munatisungitsa. Musunge abale athu amene ali ku mizinda yakutali, kuti akhale okhulupirika monga Danieli. Mutipatse mtima womvera wonga wa Abrahamu, kuti chilichonse chimene tidzamanga chikhale cholemekeza dzina lanu ndi chodalitsa anansi athu. Tapempha m'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.